Kukaona nsomba za manta usiku ku Kona: zokonzekera ndi kakhalidwe ka m'madzi

Pachilumba chachikulu cha Hawaii, kugombe la kumadzulo komwe amakutcha Kona, dzuwa likamalowa maboti amanyamuka ndi alendo okaona nsomba yotchedwa manta. Ndi nsomba yathyathyathya, yakuda kumsana, yoyera kumimba, yokhala ndi zipsepse ziwiri zikuluzikulu zomwe imakupiza mwaulesi posambira. Mtundu wopezeka ku Kona, umene akatswiri amautcha Mobula alfredi, umatha kufika mamita 3 kapena 4 kuchoka kunsonga ya chipsepse china kukafika kunsonga ya chinzake. Eni dziko amaitcha hāhālua. Mbola kumchira ilibe, kusiyana ndi abale ake ena, ndipo mano oti n'kulumira munthu ilibenso. Imadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, totchedwa plankton, mochita kusefa.

Pa ulendo wonsewu ntchito yanu ndi imodzi basi: kugona chafufumimba pamwamba pa madzi, osatakataka, kwa mphindi 30 mpaka 45. Pakamwa ndi zophweka. Koma ndi usiku, madzi akuzizira, boti lakugwedezani njira yonse, ndipo pansi panu pakudutsa chinthu chachikulu kuposa inu. Munthu akhoza kubwerako akudandaula manta zitabwera bwinobwino, chifukwa nthawi yake yonse yathera kusanza, kunjenjemera kapena kulimbana ndi magalasi osambirira amene akulowa madzi. Malangizo otsatirawa cholinga chake n'chakuti pofika nthawi imeneyo thupi lanu lidzakhale bata.

Chimene chimaitana manta

Amene anagonapo ku Senga Bay, ku Msaka kapena ku Nkhata Bay anaonapo nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja usiku wopanda mwezi. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake, kuwala kumasonkhanitsa tizilombo ta m'madzi pamodzi ndi usipa, kenako anzake n'kuponya chilimila. Zochitika ku Kona ndi zomwezo, kungoti kulibe khoka. Nyali zimasonkhanitsa plankton, manta n'kutsatira chakudyacho. Sizibwera chifukwa chokonda anthu. Palibe amene amazidyetsa ndi manja, palibenso amene anaziweta.

Nkhaniyi inayamba mwangozi. M'zaka za m'ma 1970 hotela ya Kona Surf, yomwe inali pa Keauhou Bay, inkawalitsa magetsi ake panyanja kuti alendo aziona mafunde usiku. Manta zinazolowera kuti pamalopo pamapezeka chakudya. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 eni maboti anayamba kutenga anthu kukalowa m'madzi momwemo. Hotelayo itatsekedwa mu 2000 magetsi n'kuzima, manta zinachepa pamalopo, ndipo maboti anakapeza malo ena chakumpoto, pafupi ndi bwalo la ndege. Itatsegulidwanso, nsombazo zinabwerera. N'chifukwa chake lero malo otchuka alipo awiri: Manta Village pa Keauhou Bay, ndi Manta Heaven, yomwe ena amaitcha Garden Eel Cove. Malo achitatu, omwe sadzaza anthu kwambiri, ali kumpoto ndithu, kugombe la Kohala.

Choyamba: mapepala, nyengo ndi tsiku

Hawaii ndi gawo la United States, choncho pamafunika viza ya ku America. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza, ndipo malamulo ake akhala akusinthasintha. Yambani mwafufuza ku ofesi ya kazembe musanalipire chilichonse. Kwa amene ali kale ku America pa sukulu kapena pa ntchito, ndi ulendo wa maola 5 kapena 6 pandege kuchoka ku California. Onetsetsani kuti tikiti ikunena Kona. Honolulu ili pachilumba china, ndipo kuchoka kumeneko muyenera kukweranso ndege ina.

Manta za ku Kona sizisamuka, zimakhala komweko chaka chonse. Chimene chimasintha ndi nyanja. Gombe la Kona limatchingidwa ku mphepo ndi mapiri a Hualālai ndi Mauna Loa, motero nthawi zambiri kumakhala bata, koma kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka cha mu Malichi kumafika mafunde akuluakulu ochokera kumpoto, ndipo maulendo ena amaimitsidwa. Ngati muli ndi ufulu wosankha, sankhani pakati pa Epulo ndi Okutobala.

Tsiku lake musaike usiku womaliza wa ulendo wanu. Manta ndi nyama zakutchire, tsiku lina sizibwera. Makampani ambiri amalonjeza kuti zikapanda kuoneka mudzakweranso ulere tsiku lina, koma lonjezolo n'lopanda ntchito kwa munthu amene mawa lake akukwera ndege. Musaikenso usiku woyamba. Nthawi ya ku Hawaii ili m'mbuyo ndi maola 12 poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndiye kuti thupi limakhala litasokonekeratu, ndipo munthu wotopa salowa m'nyanja usiku. Usiku wachiwiri kapena wachitatu ndiye wabwino.

Chachiwiri: sankhani boti mofatsa

Apa ndi pamene anthu amathamangira mtengo wotsika n'kudzanong'oneza bondo. Ulendowu si wotchipa, nthawi zambiri umadutsa madola 100 pa munthu, choncho funsani mafunso musanalipire.

Funso loyamba ndi doko lonyamukira. Maboti onyamuka pa Keauhou Bay amafika pamalo m'mphindi zochepa chabe. Onyamuka pa Honokōhau Harbor kupita ku Manta Heaven amayenda cha m'ma mphindi 20 kapena 30. Ngati mumachita nseru ngakhale m'minibasi, Keauhou ndiye kwanu. Kulinso ena amene amanyamula alendo pabwato lopalasa la chikhalidwe cha ku Hawaii, lopanda injini, lomwe limatenga anthu ochepa. Kwa ine limeneli ndi labwino kwa munthu wamantha, chifukwa amagwira kubwato komweko ndipo akafuna kutuluka m'madzi satalikira.

Funso lachiwiri ndi chiwerengero cha anthu. Pali maboti onyamula anthu 6, pali ena onyamula makumi angapo. Lalikulu siligwedezeka kwambiri ndipo limakhala ndi chimbudzi, koma m'madzi mumakhala mothithikana, chigongono cha mnzanu chili kukhutu kwanu. Laling'ono limadumphadumpha pamafunde, koma wotsogolera amakhala ndi nthawi yosamala aliyense. Funsaninso kuti otsogolera angati amalowa nanu m'madzi, ngati wetsuit (chovala chothina chosambirira choteteza kuzizira) ndi magalasi zili mumtengo womwewo, ndiponso chimene chimachitika kaputeni akaimitsa ulendo chifukwa cha mafunde.

Nthawi zambiri maulendo amakhala awiri usiku umodzi. Boti loyamba limanyamuka dzuwa likupendeka, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumaona nyanja kusanade, mantha n'kuchepako. Kuipa kwake ndi kuchuluka kwa maboti pamalo amodzi. Lachiwiri limanyamuka mdima utagwa kale, anthu amachepako, koma pobwerera kumazizira.

Nanga osadziwa kusambira? Nenani zoona pogula tikiti, osachita manyazi. Makampani ambiri amafuna munthu wodziwa kusambira amenenso anagwiritsapo ntchito snorkel, kaja kapaipi kopumira nkhope ili m'madzi. Ena amagulitsa tikiti yotsikirapo mtengo ya munthu wongokhala m'boti n'kumaonera pamwamba. Ngakhale pamtunda, kuhotela ya pa Keauhou Bay kuli malo oimirira pomwe manta zimaoneka zikafika m'kuwala. Amayi oyembekezera, odwala mtima, mphumu kapena khunyu ayambe aonana ndi dokotala, komanso auze eni boti.

Chachitatu: phunzirani kupumira m'kapaipi kukali masana

Usiku wa manta si nthawi yophunzirira snorkel. Munthu amene sanazolowere kupumira pakamwa nkhope ili m'madzi amayamba kupuma mothamanga, mtima n'kugunda, kenako n'kudzutsa mutu uku akupalasa miyendo. Kumeneko ndiye kuonongera gulu lonse. Amene ali ku Malawi ali ndi mwayi: ku Cape Maclear, m'mbali mwa chilumba cha Thumbi, madzi ndi oyera ndipo mbuna zili mbwee, malo abwino ophunzirira. Kumbukirani chabe kuti nyanja yamchere ndi ina. Imakuyandamitsani mosavuta, koma madzi ake amawawa m'maso ndi kukhosi, ndipo mukawameza amautsa nseru. Mukafika ku Kona pitani masana ku Kahaluʻu Beach Park, pomwe madzi ndi osaya, mukalawe mcherewo kusanade.

Zoyenera kuzolowera ndi zitatu. Kupuma pang'onopang'ono, mokoka, ngati munthu amene ali m'tulo. Kutulutsa madzi akalowa m'kapaipi, komwe ndi kungouzira kamodzi mwamphamvu. Ndi kugona chafufumimba miyendo itawongoka pamwamba pa madzi, osaimenya.

Magalasi ayeseni musananyamuke padoko. Aikeni pankhope osakoleka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, n'kuchotsa manja. Akamatirira ndiye kuti akukwanani. Akagwa pemphani ena. Tsitsi likalowa pansi pa labala, ngakhale tochepa, madzi amalowera pomwepo. Abambo a ndevu zapamlomo amavutika kwambiri pamenepa: metani kamzere kapansi pa mphuno kapena pakani Vaseline pang'ono. Amayi oluka tsitsi alimange m'munsi chakukhosi kuti lamba akhale bwino pankhongo, ndipo wigi itsale kuchipinda. Magalasi a maso salowa m'kati mwa magalasi osambirira, choncho amene saona patali afunsiretu ngati boti lili ndi magalasi osambirira othandiza kuona patali. Kuti asachite nthunzi, ogwira ntchito m'boti amakupatsani kamankhwala kopaka m'kati. Kakasowa, malovu amagwira ntchito yomweyo. Musamange lamba mothina poganiza kuti mukutseka madzi, chifukwa labala imapindika, madzi n'kulowa kwambiri.

Chachinayi: tsiku lenileni, musanakwere

Idyani chakudya chopepuka maola awiri kapena atatu musananyamuke. Mimba yopanda kanthu imachita nseru, yodzaza ndi zamafuta imaposa pamenepo. Mowa ayi. Mankhwala a nseru ya paulendo, monga meclizine kapena dimenhydrinate, amamwedwa pafupifupi ola limodzi musanakwere. Kumwa nseru itayamba kale n'kungotaya mankhwala. Amagonetsa, makamaka wachiwiriyo, choncho ayeseni tsiku lina kuti mudziwe mmene amakutengerani, ndipo ganizirani za amene adzayendetse galimoto pobwerera. Wofunsa wabwino ndi wa kufamase, makamaka ngati mukumwa mankhwala ena.

Valirani zosambirira kuchipinda, pamwamba n'kuvala zovala wamba. M'chikwama muike thaulo, juzi yotentha, ndi zovala zouma. Juziyo anthu amaiiwala poganiza kuti Hawaii ndi dziko lotentha. Madzi a ku Kona amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 27, omwe ndi abwino kwa munthu wosambira, koma inu simukusambira, mwangogona. Pakatha mphindi 20 kuzizira kumayamba kulowa m'mafupa, ndipo pobwerera mphepo ya m'boti imakupezani muli chinyowere. Wetsuit akakupatsani musakane. Iyenera kuthina. Yokhwepa imalowetsa madzi atsopano nthawi zonse ndipo siyithandiza kanthu. Mphete, ndolo ndi mikanda zisiyeni.

Chachisanu: m'boti

Musananyamuke kapena muli m'njira, wotsogolera amafotokoza malamulo. Mvetserani ngakhale mwawerenga zonsezi, chifukwa boti lililonse lili ndi kalowedwe kake m'madzi. Gwirani mfundo ziwiri: chizindikiro chopemphera thandizo, ndi chimene chikusiyanitsa boti lanu ndi ena. Usiku maboti onse amafanana, ndipo pamalopo pamatha kukhala maboti oposa khumi. Onani mtundu wa nyali zake, dzina lake, ndi mbali imene kuli makwerero.

Nseru ikayamba, khalani chapakati pa boti pomwe sipagwedezeka kwambiri, maso kumtunda komwe kuli magetsi a m'tauni. Foni ikani m'thumba. Ikakula, sanzirani m'nyanja, mbali imene mphepo ikupita, osati m'chimbudzi. Ogwira ntchito m'boti anaziona kambirimbiri, sadabwa.

Pamafunso amene anthu amanong'onezana m'boti, la shaki silisowa. Inde, shaki m'nyanja ya Hawaii zilimo. Koma pamalo owala, odzaza anthu ndi maboti ngati amenewa, zoyenera kuopa kwenikweni ndi zina: kutalikirana ndi gulu pomwe maboti akuyenda mumdima, ndi kugwidwa ndi mantha n'kuyamba kumeza madzi. Za ng'ona ndi mvuu iwalani, kumeneko kulibe.

Chachisanu ndi chimodzi: m'madzi

Boti likaima, otsogolera amatsitsa thabwa lalikulu loyandama. Lili ndi zogwirira m'mbali monse, ndipo pansi pake pali nyali zamphamvu zoloza m'madzi. Mumatsika mmodzimmodzi, n'kusambira mamita ochepa kukagwira chogwirira. Ambiri amakupatsani kachubu kasiponji koika pansi pa akakolo kuti miyendo iyandame. Makampani ena sapereka n'komwe zipsepse za kumapazi, poopa kuti mungamenye nazo manta kapena nkhope ya mnzanu.

Gwirani ndi manja onse awiri, mikono itawongoka, thupi litatalikira thabwa. Ikani nkhope m'madzi. Mphindi ziwiri zoyambirira musafunefune manta, ingomverani kupuma kwanu mpaka kukhazikike. Mudzaona mizati ya kuwala ikutsikira pansi, m'kati mwake tizilombo tikuwirira ngati fumbi, ndipo tinsomba tasiliva tikuthamangathamanga m'mbali. Tina mwa tizilomboto timakhudza khungu n'kuyabwa pang'ono, zosadetsa nkhawa.

Manta siibwera ndi phokoso. Poyamba mumangoona kuti mdima wa pansi ukusuntha. Kenako mawonekedwe ake amatuluka, ikukwera molunjika kumene kuli nyali, pakamwa pali yasa. Kumutu kwake kuli tizipsepse tiwiri tomwe imatipinda ikamangoyenda, koma ikamadya imatitambasula kuti tizilondolera madzi kukamwa. Kamwalo ndi lalikulu moti mumaona m'kati mwake mpaka mizere ya makha, momwe madzi amatulukira chakudya n'kutsalira. Apa ndi pamene thupi lonse limakuuzani kuti thawani. Musathawe. Itatsala pang'ono kugunda thabwa, imapidiguka chagada, mimba yake yoyera n'kudutsa pafupi kwambiri ndi magalasi anu, mwina kutalika kwa chikhatho chimodzi, kenako n'kutsika kukazungulira kuti ibwerenso. Chakudya chikachuluka imatha kupidiguka choncho kangapo motsatizana pamalo amodzi. Mudzamva anzanu akukuwira m'mapaipi awo, mawu ake oseketsa, ndipo mwina wokuwa kwambiri adzakhala inu.

Lamulo lalikulu ndi lakuti musaigwire. Thupi la manta ndi lokutidwa ndi ntchofu yoterera yomwe imaiteteza ku matenda, ndipo dzanja la munthu limaichotsa. Iyo ikakukhudzani yokha podutsa, palibe mlandu, koma inu musatambasule dzanja, ngakhale chala chimodzi. Musamire kuitsatira. Musagwetse miyendo pansi, chifukwa mpata wa pakati pa thabwa ndi pansi pa nyanja ndi njira yake, ndipo phazi lolendewera limatha kuimenya kumaso kapena m'makha. Manta siima, iyenera kuyendabe kuti madzi azidutsa m'makha ipume, choncho chilichonse chotchinga njira yake chimaisokoneza kudya. Ikasokonezedwa imachoka, ndipo anthu onse a pathabwa amakhala ataluza chifukwa cha munthu mmodzi.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Manta yaikazi imakhala ndi bere pafupifupi chaka chathunthu, n'kubereka mwana mmodzi, ndipo pamatha zaka ziwiri kapena kuposerapo isanaberekenso. Nsomba yobereka motere ikayamba kutha siibwerera msanga. M'maiko ena zaphedwa kwambiri chifukwa cha makha ake, omwe amaumitsidwa n'kugulitsidwa ngati mankhwala m'misika ya ku China. Mu 2009 boma la Hawaii linakhazikitsa lamulo loletsa kupha kapena kugwira manta m'madzi ake, ndipo mu 2013 maiko a m'pangano la CITES anaika manta pamndandanda wa nyama zomwe malonda ake ayenera kuyang'aniridwa. Ngakhale zili choncho, mukayang'anitsitsa mudzaona zina zili ndi zipsera za injini za maboti kapena za chingwe cha mbedza. Kuchuluka kwa maboti ku Kona ndi nkhani imene eni dera akhala akukangana kwa zaka, ndipo kunena zoona usiku wina pamakhala anthu ochuluka kuposa mmene pakanayenera kukhalira. Boti limene likuyendetsa injini pafupi ndi anthu ali m'madzi, kapena wotsogolera amene akusekerera alendo ogwira manta, si loyenera ndalama zanu.

Madzi akalowa m'magalasi, musasiye thabwa ndi manja onse. Dzutsani mutu, dzanja limodzi likugwirabe, linalo likweze pang'ono labala ya m'munsi kuti madzi atuluke, miyendo ili pamwamba. Mukazizidwa kwambiri, mukachita chizungulire kapena mukamva kubanika pachifuwa, kwezani dzanja nthawi yomweyo. Wotsogolera adzakuperekezani kuboti. Osasambira nokha kubwerera, ndipo kupirira kubanika chifukwa cha manyazi n'kudziika pangozi.

Za zithunzi ndinene mwachidule: ngati ndi koyamba kuona manta, kamera isiyeni. Dzanja logwira kamera ndi dzanja lomwe lasiya thabwa, ndipo munthu amathera nthawi yake akuyang'ana kagalasi kakang'ono chinthu chenichenicho chikumudutsa pamphuno. Maboti ambiri amakhala ndi wojambula wawo amene amagulitsa kanema. Ngati simungathe kupirira, mangirirani kamera kudzanja, ndipo musaitambasulire pansi ndi ndodo.

Chinthu chimodzi choti muchione ndi maso anu ndi mawanga a kumimba. Manta iliyonse ili ndi mawanga akeake omwe sasintha moyo wake wonse, ndipo ndi amene ofufuza amazizindikirira. Ku Kona zolembedwa m'kaundula zinaposa 300, iliyonse ndi dzina lake. Lefty, yomwe inapatsidwa dzinalo chifukwa cha kachipsepse kakumutu kopunduka, inayamba kudziwika mu 1979. Ina yotchuka ndi Big Bertha. Otsogolera amazidziwa pamtima, ndipo mudzawamva akutchula maina pamwamba pa madzi. Amene wajambula manta yomwe sinalembedwepo amapatsidwa mwayi woitcha dzina.

Kwa omira ndi mabotolo a mpweya

Amene ali ndi satifiketi ya scuba amaona zonsezi kuchokera pansi. Amatsika mamita pafupifupi 10, n'kugwada kapena kukhala pamchenga mozungulira bokosi la nyali zoloza kumwamba, aliyense atanyamula tochi yake pamwamba pa mutu. Manta zimadutsa pakati, pamwamba pa mitu ya omira ndi pansi pa mimba za ogwira thabwa. Pemphani zolemetsa zoonjezera pang'ono kuti mafunde apansi asamakukankheni uku ndi uku. Khalani pamchenga kapena pamiyala, osati pamatanthwe amoyo a korali. Manta ikamabwera molunjika kwa inu, tulutsani mpweya mofatsa kuti thovu lisaiwombe kumaso, koma musaugwire mpweyawo. Ngati papita nthawi yaitali musanamire, pezani boti lomwe limayamba ndi kumira kwa madzulo kukali kowala.

Omira akumbukire kuti chilumbachi ndi cha mapiri. Malangizo odziwika ndi oti munthu adikire maola osachepera 12 asanakwere ndege akamira kamodzi, ndi 18 akamira kangapo. Koma kukwera phiri ndi galimoto n'chimodzimodzi. Mauna Kea ndi lalitali mamita 4,207, ndipo ngakhale msewu wodutsa pakati pa chilumba kupita ku Hilo umakwera pafupifupi mamita 2,000. Ulendo wokaona nyenyezi pa Mauna Kea uikeni tsiku lina, patapita maola 24. Ogwira thabwa pamwamba lamuloli siliwakhudza.

Potuluka

Wotsogolera akanena kuti nthawi yakwana, nthawi zambiri amakoka thabwa lonse kufupi ndi boti inu muli chigwirire. Dikirani mpaka akuitaneni. Pamakwerero akwere munthu mmodzi, ndipo musakhale pansi pa mnzanu amene akukwera, chifukwa akaterereka akugwerani pamutu. Miyendo imakhala yolemera ndi yadzanzi, choncho kwerani mosathamanga. Mukafika m'boti vulani wetsuit msanga, dzipukuteni, valani juzi. Kukhalabe m'wetsuit yonyowa pamphepo kumazizira kuposa kuivula. Maboti ambiri amapereka chakumwa chotentha. Musasunthe pamalo mpaka atawerenga maina onse. Ku America ndi mwambo kusiyira ogwira ntchito kangachepe, kawirikawiri 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wa tikiti, choncho nyamulani ndalama zapamanja m'kathumba kosalowa madzi.

Manta zikakhala kuti sizinabwere, lembetsani tsiku lina musanachoke padoko, malo asanathe, ndipo funsani ngati malo enawo zinaonekako usiku umenewo.

Ngati Hawaii yatalika

Kwa ambiri a ife yatalikadi, m'thumba ndi pamapepala pomwe. Manta zapafupi zili ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, ku Tofo ndi ku Závora. Kumeneko ndi kumene katswiri wa ku America Andrea Marshall anachita kafukufuku amene mu 2009 anaonetsa kuti manta si mtundu umodzi, n'kusiyanitsa mitundu iwiri: ya m'mbali mwa gombe, ngati ya ku Kona, ndi ikuluikulu ya m'nyanja yakuya, Mobula birostris, yomwe imafika mamita 7. Mitundu yonse iwiri imapezeka m'madzi amenewo, ngakhale ku Tofo zachepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 2000, ndipo kuyambira 2021 malamulo a usodzi a Mozambique amaletsa kuzipha.

Kaonedwe kake ndi kosiyana. Kulibe thabwa la nyali, ndipo ulendo ndi wamasana. Manta zimabwera pamatanthwe ena pomwe tinsomba ting'onoting'ono timazichotsa tizilombo pakhungu, ndipo omira amakhala chapatali n'kumaonera. Malo otchuka ku Tofo, Manta Reef, ndi akuya mamita oposa 20, kupyola mamita 18 omwe satifiketi yoyamba ya PADI, bungwe lophunzitsa scuba, imalola, choncho pamafunika maphunziro oonjezera. Boti lake ndi lalabala, lomwe mumathandiza kulikankha kuchokera pamchenga kudutsa mafunde, ndipo mankhwala a nseru aja amafunika kuposa ku Kona. Maphunziro a scuba mukhoza kuyambira panyanja ya Malawi pomwepa, ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito ku Tofo ndi ku Kona komwe.